Mkono wa Apongozi pa Mpanda

Ine ndinabadwira ku Chisepo, koma banja ndinakalipeza kumapiri a Ntchisi, kuseri kwa Kasakula, kumene njinga yamoto imakwera mtunda ikulira ngati mbuzi yomangidwa. Ndinapita chikamwini, ndipo sindichita nazo manyazi. Munda anandipatsa, malo omanga chigafa cha fodya anandilozera, mkazi ndinapeza wabwino, woseka ndi mano onse. Chovuta chinali chimodzi: apongozi anga, amayi ake a mkazi wangayo, ankakhala nyumba yoyandikana ndi yathu, ndipo njira yopita kudimba inali imodzi yokha.

Wokulira m'tauni sangamvetse. Kwathu kuno mkamwini sayang'anizana maso ndi apongozi ake aakazi. Sadya nawo pamodzi, sawapatsa moni wa m'manja, ndipo akakumana panjira mmodzi amapatuka. Ena masiku ano anazisiya, koma apongozi anga sanali a masiku ano. Inenso amalume amene anandilera anandilangiza mpaka makutu kuwawa: "Ukakawaona apongozi akubwera, mwendo m'tchire." Ndiye ine ndinkapatuka ndi mtima wonse. Ndinalowapo m'chimanga cha eni, ndinagwerapo m'ngalande, ndipo tsiku lina ndinadumphira m'chitedze nditavala kabudula. Ndinafika kunyumba ndikuvina gule amene sanaonekepo m'mudzimo, mkazi wanga akufa ndi phwete pakhonde. Madzulo ake anabwera ndi uthenga: "Amayi akuti ndikuuzeni kuti muzipatukira kumanja, kumanzereko kuli chitedze." Umu ndi mmene tinkalankhulirana. Mawu onse ankadzera mwa mkazi wanga, ngakhale tonse atatu tili pabwalo limodzi.

Ngozi inachitika pa ukwati wa m'mudzi momwemo. Apongozi ankaphika phala la thobwa mumgolo, fuwa limodzi linasuntha, mgolo n'kupendekeka, phala lowira n'kuwakhuthukira pamkono wamanja, mkati mwa chigongono pomwe mkono umapindikira. Kulira kwa tsiku limenelo sindifuna kukukumbukira. Anakagona kuchipatala, anatuluka, bala linapola pang'onopang'ono, tonse tinathokoza Mulungu. Koma bala litapola linasiya chipsera chokhuthala, chonyezimira, cholimba ngati chikopa chouma padzuwa, ndipo chipseracho chinayamba kukoka mkono. Mkono unkapindika, osafunanso kuwongoka. Khasu ankaligwira ndi dzanja limodzi. Ndowa ankachita kuwasenzetsa ena.

Nthawi imeneyo mkazi wanga anali ndi pakati, mimba yoyamba, ndipo kwa apongozi ameneyo anali mdzukulu woyamba. Chitenje choti adzaberekere mwanayo anali atagula kale ngozi isanachitike. Ankachitulutsa, kuchiyanika padzuwa chisananyowe n'komwe, n'kuchipindanso.

Tsiku lokaonetsa mkono kuchipatala linafika, mkazi wanga sakanathanso kukwera njinga pamsewu wa miyala uja. Njinga yamoto pabanjapo inali yanga, yomwe ndimachitira kabaza fodya akatha. Panalibe kuchitira mwina. Mkazi wanga anapinda mabulangete awiri n'kuwamangirira pakati pa mpando, akhale malire. Apongozi anakwera akuyang'ana kumapiri, ine ndinaliza njinga ndikuyang'ana pansi. Pamatsitso ndikagwira mabuleki iwo ankatsetsereka n'kugunda mabulangete, ndiye onse awiri tinkati "pepani" kuuza mphepo. Ulendo wonse mawu amene anatuluka ndi amenewo.

Kuchipatala anatilozera kwa mayi wina wachitsikana wa mafizo, amene ntchito yake ndi kuwongola ziwalo zouma. Anali wa changu, wolankhula Chichewa cha m'tauni. Anagwiragwira chipsera chija, anayesa kuwongola mkono, apongozi n'kuluma mano. Kenako anacheuka n'kundiona nditaima pakhomo, theka mkati theka kunja.

"Awa ndi mwana wanu, amayi?"

Kuti ndifotokoze kuti ndine mkamwini, kunali kulankhula apongozi ali pomwepo. Iwonso kuti afotokoze, kunali kunditchula ine ndikumva. Apongozi anayang'ana khoma n'kunena kuti, "Eee." Inenso ndinayang'ana chitseko n'kunena kuti, "Eee."

"Ndiye zakhala bwino. Sambani m'manja apo, mubwere kuno."

Ndinasamba m'manja nthawi yaitali, ndikuyembekeza kuti mwina magetsi azima, mwina kubwera wodwala wina, mwina Yesu abwera. Palibe chinachitika. Mayi uja anandigwira chala chachikulu, anachipaka mafuta odzola, n'kuchiika pachipsera cha apongozi anga. Ine, amene ndinalolera chitedze kuti ndisapumire mpweya umodzi ndi iwo!

"Dinikizani mpaka chikhadabo chanu chiyere," anatero. "Osati kusisita ngati mukugoneka mwana ayi. Kutikita. Zungulizani pang'onopang'ono, khungu liziyenda limodzi ndi chala, chala chisamatsetsereke pamwamba. Mukatero tsatirani chipsera m'litali mwake, kenako mopingasa. Pomaliza tsinani pang'ono, munyamule khungu kuti lisiyane ndi mnofu wapansi. Ndiye muwongole mkono mpaka pomwe akumva kukoka, mugwire pomwepo, osakakamiza. M'mawa, masana, madzulo. Pakatuluka matuza kapena pakang'ambika, siyani, mubwere nawo. Achimwene, mukuyang'ana chiyani kudenga? Kuli chipsera kudengako?"

Apongozi anali atafunda chitenje kumaso ngati mkwatibwi.

"Koma anthu inu!" anatero mayi uja akuseka. "Amayi anu omwe, anakuyamwitsani, anakusambitsani, lero manyazi?"

Iye ankangocheza, koma mawuwo anandilasa. Amayi anga anamwalira ine ndikukwawa, nkhope yawo sindiidziwa, ndipo sindikumbuka dzanja la mayi likundisambitsa. Ndinapitiriza kuzunguliza chala. Potuluka mayi uja anatichenjeza kuti tikalekerera mkono uuma chopindika, ndipo kudzafunika opaleshoni.

Titafika kunyumba ndinamufotokozera mkazi wanga zonse. Anaseka mpaka ndinaopa kuti mwana abwera tsiku lomwelo. Atatha kuseka tinagwirizana zanzeru: ine ndimuphunzitse iye pamkono wake, iye azikatikita amayi ake. Mafuta ndinakagula ku Mponela, botolo lalikulu. Ndinamuphunzitsa bwinobwino, ndipo pa ine ankadinikiza mpaka ndimve kuwawa. Koma akafika pa amayi ake manja ankamufewa. Ankangosisita, kusisita, amayi ake n'kuyamba kusinza pamphasa. Ine ndinkasuzumira kuseri kwa nkhokwe magazi akuwira.

"Dinikiza iwe!" ndinkanong'ona mokuwa.

"Ndi amayi anga awa, si mtanda wa mandasi!" ankandibwezera.

Ndimakwiya msanga ine, ndipo masiku amenewo ndinakalipira nkhuku, galu, ngakhale njinga. Mkono unali chipindikire. Azakhali ena anabwera ndi kansalu ndi madzi otentha kuti awathowe monga tichitira ndi chotupa, koma apongozi atangoona nthunzi anakuwa n'kukadzitsekera m'nyumba.

Tsiku lina m'mawa ndinali pamwamba m'chigafa ndikupachika fodya amene tinasoka dzulo lake. Kuchokera pamenepo kuseri kwa nyumba ya apongozi kunkaoneka bwino. Ndinawaona akutuluka ndi chitenje chatsopano chija ndi dzungu lalikulu. Anayang'ana uku ndi uku, anawerama, n'kukweza dzungu pamsana. Anaponya chitenje. Dzanja lamanzere linagwira nsonga yake. Lamanja linayesa kupita kumbuyo kukachirikiza dzungu, koma mkono unathera panjira. Dzungu linatsetsereka, linagwa, n'kuuyamba ulendo. Nyumba zathu zili pamtunda, ndiye dzungu linagubuduka kudutsa pakhola, nkhuku zikubalalika, galu akulithamangitsa, mpaka linakalowa m'dimba la mpiru kumunsi. Ndinaluma kolala ya malaya kuti ndisaseke, misozi ikutuluka, chigafa chonse chikugwedera. Kenako ndinayang'ananso kuseri kuja. Apongozi anali atakhala pansi pomwepo, chitenje chili pamiyendo, akupukuta m'maso ndi dzanja labwino lija. Kuseka kunandithera. Ndinaganiza za mutu wa mwana pamiyala imene dzungu linagunda.

Ndinatsika, ndinakatola dzungu lija litang'aluka mbali imodzi, n'kukaliika pakhonde pawo osanena kanthu. Anadziwa kuti ndaona.

Madzulo mkazi wanga anabwera ndi uthenga, milomo ikunjenjemera ndi kuseka.

"Amayi akuti mkono ulibe maso."

"Ndiye kuti chiyani?"

"Akuti mawa mubwere kumpanda ndi mafuta aja."

Pakati pa bwalo lathu ndi lawo panali mpanda wa udzu. M'mawa mwake ndinasamba m'manja ndi sopo ndi mchenga kuti phula la fodya lichoke, n'kukagwada pampandapo. Udzu unagwedera, ndipo pabowo limene anaboola kale panatuluka mkono, wopindika, wokhawokha. Ndinauyang'ana, iwonso unangokhala. Munthu sungagwire chinthu cha akuluakulu osapereka moni, koma apongozi sindikanawalonjera. Ndinatsokomola.

"Mkono wadzuka bwanji?"

Kuseri kwa mpanda kunamveka mawu, apansipansi.

"Mkono wadzuka. Kaya chala?"

"Chala chadzuka bwino, zikomo."

Mkazi wanga anali pakhomo atagwira mimba ndi manja awiri, akuseka mopanda mawu, misozi ili chuchuchu. Ndinapaka mafuta, ndinaika chala, ndinadinikiza mpaka chikhadabo chinayera.

"Mayo ine! Chimenecho n'chala cha munthu kapena mpini?"

"Chala chikupepesa, koma kuchipatala anati chikhadabo chiyere."

"Chikhadabo chiyere, ine m'maso mude?"

Koma mkono sunathawe. Zala zinafumbata, koma unakhala pomwepo mpaka ndinamaliza zonse: kuzunguliza, m'litali, mopingasa, kutsina, kuwongola. Masana unatulukanso. Madzulo unali utandidikira kale.

Poyamba chipseracho sichinkamva kanthu. Pansi pake ndinkakhudza chinthu chonga chingwe chokungika, ndipo khungu linali litamatirira, osasuntha ngakhale pang'ono. Ndinkatikita mpaka chala changa kuchita dzanzi. Pang'onopang'ono ndi mtolo, amatero akuluakulu, koma sanena kuti mtolowo umawawa chala. Pofuna kuti mkono uziwongoka wokha, ndinayamba kupachika gwafa pakamtengo, patsogolo pang'ono pa pomwe zala zinkafika. Mkono unkalimbana, kulimbana, n'kuligwira, n'kubwerera nalo kuseri. Ndinkangomva khwa, khwa, kutafuna. Pakapita masiku ndinkasunthira kamtengo kaja kutali pang'ono.

"Chalachi n'chachinyengo," ankatero mawu a kuseri. "Gwafa linayamba liti kuyenda?"

"Magwafa a masiku ano, mkono usadabwe."

Mmene mkono ndi chala zinkachezera, ine ndi apongozi sitinalankhulanepo ngakhale kamodzi. Mkono unauza chala za malemu amuna awo, mmene ankaopera achule. Unauza chala kuti mkazi wanga ali mwana anadya sopo poyesa ndi chinangwa. Chala chinauza mkono za anthu amene ndimanyamula pa kabaza, za bambo wina amene anakwera ndi nkhumba. Tinkaseka mpanda wonse n'kumagwedera. Mkulu wina wa mpingo podutsa anaima, anandiona nditagwada, n'kufunsa ngati ndikupemphera. Ndinati eya, ndipo mkono unakweza zala zake n'kumupatsa moni. Anachoka akutembenukatembenuka.

Tsiku lina mkono unafunsa funso lina.

"Chalachi chimagwira molimba koma mosamala. Amake anali munthu wotani?"

"Chala sichinawadziwe amake," ndinayankha.

Dzanja lija linatembenuka, linandigwira pamkono, linafinya pang'ono, n'kundisiya. Ndinapitiriza kutikita ndikuyang'ana pansi.

Ndiye linafika tsiku limene sindidzaliiwala. Ndinatsina chipsera monga mwa masiku onse, ndipo khungu linanyamuka. Linanyamuka! Kakhungu kakang'ono, pakati pa zala zanga ziwiri, kofewa, koyenda. Ndinalumpha n'kuyamba kuthamanga kuzungulira bwalo ndikukuwa kuti, "Lanyamuka! Khungu lanyamuka!" Ndinavina ndi galu, ndinapsompsona chala changa, ndinagwetsa ndowa ya madzi. Mkazi wanga anatuluka ndi chipande m'manja akuyesa njoka. Mkono unatsala pampanda wokha, ukugwedeza zala.

"Chala chibwerere pantchito," anatero mawu a kuseri. "Misala ikachitire kwawo ku Chisepo."

Mbuzi nazo zinatithandiza m'njira yawo. Zinkadya udzu wa pabowo lija, mwina chifukwa cha fungo la magwafa, ndipo bowo linkakulirakulira. Poyamba ndinkaona mkono wokha, kenako phewa, kenako nsonga ya duku. M'mawa wina ndinakweza mutu n'kupeza maso a apongozi ali pa ine. Onse awiri tinatsinzina nthawi imodzi. Tsiku limenelo ndinatikita chitsinzinire, ndikuyendera chala chokha, ndipo ndinapeza kuti chala chimaona bwino kuposa maso. Udzu wokonzera mpanda unalipo wambiri kuseri kwa khola, koma palibe anautchula.

Kumjigo nkhani inali itafika kale. Amayi ena ankati mkamwini wa ku Chisepo wataya ulemu, akugwira apongozi dzuwa likuswa mtengo. Mkazi wanga atandiuza ndinafuna kupita komweko ndikawafunse ngati ali ndi chala choposa changa, abwere nacho. Anandigwira malaya. Ndinakakalipira njinga.

Mwana anabadwa titakolola, nthawi yozizira. Anali wamkazi, wamphuno yanga, wosauka. Tsiku lotuluka m'chikuta amayi a m'mudzi anadzaza pabwalo la apongozi, ndi a kumjigo aja omwe. Ine ndinaima kumbali yathu ya mpanda, pabowo limene tsopano mwana wa ng'ombe akanatha kudutsa. Apongozi analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chitenje chija. Ndinakumbuka dzungu.

Anawerama. Mkazi wanga anawaika mwana pamsana, manja ake osachoka patali. Apongozi anaponya chitenje, lamanzere linagwira nsonga. Lamanja linanyamuka, linapita kumbuyo, linafika pomwe linkathera kale, linaima pang'ono. Chala changa chinali chitadinikiza mtengo wa mpanda mpaka chikhadabo kuyera. Mkono unapitirira. Dzanja linafika pansi pa mwana, linamukweza, linabwera ndi nsonga inayo kutsogolo, ndipo anamanga mfundo pachifuwa. Anaweramuka. Anadumphadumpha pang'ono kuti mwana akhazikike, n'kuyamba kuyenda pabwalo monyada. Nthungululu zinamveka mpaka kudimba. Mkonowo mpaka lero suwongoka kwathunthu, uli ndi kupindika kwake pang'ono, koma mwana sanagwe, ndipo sanagwepo.

Phokoso litachepa, mayi wina wa kumjigo, wa pakamwa posatseka, anayankhula mokweza kuti aliyense amve.

"Mkono wachira ndithu, tathokoza. Koma zoti mkamwini n'kumagwira apongozi, ife kuno sitinazionepo."

Apongozi anaima, mwana ali kumbuyo.

"Mkamwini wake uti? Kuchipatala anandifunsa ngati uyu ndi mwana wanga, ine ndinavomera. Ndi ukalamba wangawu ndikaname kuchipatala?"

Anatembenuka, anayang'ana pabowo paja, m'maso mwanga mwenimweni, osatsinzina.

"Mwana wanga, tenga mafuta aja. Mkono wauma ndi kuziziraku."

Tenga. Osati tengani. Chibadwire changa panalibe mayi amene ananditumapo chotero. Miyendo yanga inachita zomwe inazolowera: inathawa. Ndinathamangira kumunda kuti ndikabisale m'chimanga, koma chimanga tinali titakolola, mapesi titagwetsa. Ndinangoima pamtetete, bambo wa ndevu zanga, ndikulira mokweza ngati mwana wotayika pamsika, mudzi wonse ukundionerera. Ndinkalira ndi chimwemwe, ndinkaliranso amayi anga amene sindinawaone, zonse pamodzi, ndipo sindinathe kusiya. Ndinayamba kulowera kutchire la m'mbali mwa njira.

Mawu anamveka kuchokera kumtunda, osadzera mwa mkazi wanga.

"Iwe! Bwerera! Kumanzereko kuli chitedze!"

Ndinabwerera. Ndinakatenga mafuta, ndinazungulira mpanda, n'kukakhala pamphasa pawo.